Mbava Imene Tinaigwira ndi Utsi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi mphuno, ndipo sindikuseka. Ndinali nditamaliza kosi ya umakaniko, pepala lili m'chikwama, nsapato zikutha ndi kuzungulira magalaja a ku Limbe ndi ku Ndirande. Paliponse amayamba ayang'ana manja anga, kenako nkhope, n'kunena kuti, "Asisi, pa resepushoni alipo kale munthu." Ine makaniko, resepushoni ya chiyani? Ndinkabwerera kwathu ku Bangwe ndikutukwana chamumtima njira yonse.

Loweruka lina tinkapita ku chinkhoswe ku Machinjiri, ndipo anandikweza galimoto ya bambo wina wamfupi, wa imvi m'ndevu, amene sindinkamudziwa. Titangoyenda pang'ono ndinatsitsa windo.

"Bambo, galimoto yanuyi ikununkha petulo. Osati wopsa wa ku ekizosi ayi, wamuwisi."

Mayi amene ndinakhala nawo kumbuyo anandigunyuza ndi chigongono, kuti wokwera yaulere sadandaula. Koma bamboyo anaima pomwepo, kutsika ndi suti yawo, kutsegula boneti. Kapaipi kolowa pa fyuluta ya mafuta kanali katang'aluka, kakuchita thukuta.

Anali a Chikopa, eni ake a galaja ina ku Chirimba. Matenda a mliri aja atawagwira anachira bwinobwino, koma kununkhiza sikunabwererenso. "Mphuno yangayi pano ndi yongokongoletsa nkhope," anatero akupukuta manja ndi mpango. "Lolemba ubwere ndi ovolosi. Ndalemba mphunoyo, manja tidzaona kutsogolo." Abale inu, mmene ndinavinira pa chinkhoswe chimenecho! Azakhali anga anachita kufunsa ngati nanenso wapezeka wondifunsira. Anzanga a pagalaja anandipatsa dzina tsiku loyamba lomwelo, Namphuno, ndipo mpaka lero ku Chirimba alipo anthu amene sadziwa kuti ndine Fainesi.

A Chikopa anandiphunzitsa kuti petulo amathawa m'galimoto mwanjira ziwiri, ngati madzi ndiponso ngati mpweya. Wothawa ngati madzi savuta. Umalowa m'dzenje la pansi pa galimoto ndi tochi, n'kulondola mapaipi kuchokera ku thanki mpaka ku injini, chala chikukhudza polumikizira paliponse. Ukatero umamangirira geji pa paipi ya mafuta, kupotoza kiyi osaliza injini kuti pampu ikankhe petulo, kuzimitsa, n'kuyang'ana singano. Ikaima, mapaipi ali bwino. Ikamatsika, penapake pakudontha.

Wothawa ngati mpweya ndiye kathyali. Thanki ya galimoto za masiku ano siipumira kunja. Mpweya wa petulo umadutsa m'kapaipi kupita m'kabokosi kakuda kodzaza ndi makala, makalawo n'kuusunga, ndipo injini ikatentha kavalavu kamatseguka kuti mpweyawo ukapsere mu injini. Njira yonseyi, kuyambira pa chotsekera cha thanki, iyenera kukhala yotsekeka ndithu. Pakakhala kabowo, maso sangakaone, chifukwa mpweya susiya chizindikiro.

Apa m'pamene pankalowa chitini cha a Chikopa, chimene ine ndinkachikonda ngati mwana wanga. Chinali chitini cha penti chotsukidwa bwino. M'kati munali chingwe cha nyali chokulungidwa ndi waya wa mbaula yamagetsi, chitamira m'mafuta odzoza makanda. Ukalumikiza wayayo ku batire, mafuta aja amafuka utsi woyera, wonunkhira ngati khanda losamba kumene. Umakankha utsiwo pang'onopang'ono m'mapaipi a thanki, ndipo pamene pali bowo umatulukira, ngati mmene ana amafukizira mbewa kuuna. Malamulo ake anali okhwima. Chitini chikhale kutali, paipi yake ikhale yaitali kuti utsi ufike utazizira, batire ya galimoto imasulidwe, chozimitsira moto chikhale pafupi, ndipo wosuta fodya akasutire kwawo. Miyezi yoyambayo ine ntchito yanga inali kununkhiza, kunyamula ndi kuonerera. Chitinicho ndinkangochipukuta.

Kenako kunabwera kusowa kwa mafuta kuja, pamene mizere ya galimoto inkazungulira misewu ndipo zigubu zinali paliponse. Mmawa wina wa chiperoni, nkhungu itakuta phiri la Ndirande, panalowa galimoto yoyera yaing'ono. Kumbuyo kunatsika mayi wonenepa bwino, wovala juzi ndi duku lofanana ndi chitenje. Awa anali mayi Matewere, a ku Chilomoni, eni shopu ya nsalu ku Limbe. Kutsogolo kunatsika dalaivala wawo, a Makwinja, bambo wamtali, wowonda, wa msinkhu wa bambo anga. Anali mkulu wa mpingo kwawo ku Zingwangwa, ndipo anayamba kuyendetsa banja limeneli malemu amuna awo a mayiwo adakali moyo.

Mayi Matewere sanazungulire. "A Chikopa, sindinabwere kudzakonzetsa galimoto. Amakaniko awiri aiona kale, akuti siikudontha. Koma tikamwetsa yodzaza, mawa lake singano yagwa. M'galimoto monse fungo la zigubu, malaya a dalaivala wangayu fungo lomwelo. Ndabwera kuti inunso mundiuze kuti ilibe vuto, kuti pochotsa munthu mtima usanditsutse. Bowo likapanda kupezeka lero, makiyi asiya pompano."

A Makwinja anali chiimire pambali, chipewa m'manja. "Madamu, ine sindinapopepo petulo wanu," anatero motsitsa mawu, ndipo zinaoneka kuti mawu amenewa awanena kambirimbiri.

Ndiye a Chikopa anatembenukira kwa ine. "Namphuno, iyi ndi yako. Yonse, ndi chitini chomwe."

Chitini! Ndinafuna kukuwa, koma ndinangoti, "Chabwino, abwana," ngati ndimachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Mayi Matewere anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Chalaka bakha nkhuku singatole," anatero.

"Nkhuku iyi ili ndi mphuno, mayi," anayankha a Chikopa.

Ndinayamba ndi chotsekera cha thanki. Mphira yake inali yofewa, yosang'ambika, ndipo potseka chinkalira bwinobwino. Ndinalowa m'dzenje ndi tochi, kulondola mapaipi onse. Gwaa, ouma. Ndinamangirira geji, kupotoza kiyi, kuzimitsa. Singano inaima ngati yakhomedwa ndi msomali. Potuluka m'dzenje ndinadutsa pafupi ndi a Makwinja, ndipo jekete lawo linandimenya ndi fungo la petulo wamuwisi, guu. Ndinene zoona, mtima unandiwawa, chifukwa nanenso ndinayamba kuganiza kuti madalawa akupopadi.

Ndinapita pa kabokosi ka makala, kamene pagalimoto imeneyi kali pansi chakumbuyo. Nditakamasula ndinadabwa kulemera kwake. Kabokosi kameneka kamayenera kupepuka, koma aka nditakapendeka kanatulutsa petulo weniweni.

"Abwana, makala anyowa!" ndinakuwa.

Mayi Matewere anadzambatuka pa benchi. "Makala? Mwamva, a Chikopa? Petulo akupopa, makalanso akunyamulira m'galimoto yanga! Akandigwiritsa pa rodibuloko bambo amenewa!"

Galaja yonse inagwa ndi phwete. A Chikopa anachita kugwira pamimba. Atapeza mpweya anawaonetsa mayiwo kabokosiko, n'kuwafotokozera kuti makala amenewa anabwera ndi galimoto kuchokera kwa opanga, ndipo ntchito yawo ndi kumwa mpweya, osati madzi. Kenako anafunsa a Makwinja mmene amamwetsera mafuta.

"Madamu amati ndikapeza mwayi ndidzaze mpaka pakhosi. Ndiye pampu ikaima yokha ndimaitana anyamata a pamzere, tigwedeze galimoto, alowenso ena. Timagwedeza mpaka aonekere pakamwa."

Ndani sankachita zimenezo masiku amenewo? Munthu wagona pamzere, afika pa pampu, angachoke ndi thanki yopuma? Blantyre yense ankagwedeza galimoto. Koma kugwedezako kumakankhira petulo m'kapaipi ka mpweya, n'kukamiza makala aja. Mayi Matewere anavomera kuti lamulolo linali lawo. Ine ndinayamba kumwetulira, ndikuganiza kuti mlandu watha. A Chikopa anapukusa mutu.

"Tisanamize munthu, Namphuno. Makala onyowa akufotokoza fungo. Sakufotokoza petulo yense amene akusowayo. Tenga chitini."

Nditangogwira chitini, magetsi anathima. Kompuresa imene timakankhira utsi inangoti zii. Ndinatsala pang'ono kulira. Tsiku langa loyamba, magetsi n'kundichita chipongwe chotere! Ndinathamanga kutsidya kwa msewu kwa bambo wokonza njinga za kabaza, n'kubwereka pampu yamanja. A Chikopa anati ndi bwinonso, chifukwa thanki siifuna mphamvu, ukaikankha kwambiri umang'amba zimene zinali zabwino. Kuthima kwa magetsi kunatithandizanso kwina, poti owotcherera zitsulo a pafupi nafe anakhala pansi n'kuyamba bawo, moto wawo wosathethekanso. Anatsala wa chiwaya wa pageti. Tinakankhira galimoto pa dzenje lina la kumapeto kwa bwalo, kutali ndi moto wake, iye akutikuwira kuti, "Namphuno, mukamaphulika mundiuziretu, ndiphule tchipisi!"

Ndinamasula batire ya galimoto. Ndinatseka kapaipi kopita ku injini ndi bawuti ndi kilampu, n'kulumikiza paipi ya chitini pa kapaipi kochokera ku thanki. Pakati pake tinali ndi geji yathu yopanga tokha, paipi yoonekera m'kati yopindidwa ngati chogwirira cha ndowa, muli madzi. Ukakankha mpweya madzi amakwera mbali imodzi. Akakhala pomwepo, thanki ndi yotsekeka. Akabwerera, mpweya ukuthawa. A Makwinja anavula jekete n'kupempha kuti apope okha.

Waya anatentha, chitini chinayamba kufuka, utsi woyera n'kuyenda m'paipi. A Makwinja anapopa mofatsa, madzi anakwera. Ndinati aime. Tonse maso pa kapaipi kaja. Madzi anayamba kutsika, kutsika, mpaka kufanana mbali zonse.

"Bowo lilipo!" ndinakuwa, ndikudumpha ngati timu yanga yagoletsa. "Abwana, lilipo! Mayi, lilipo!"

"Lili pati?" anafunsa mayi Matewere.

Funso limenelo linandizimitsa. Ndinalowanso m'dzenje, a Makwinja akupopa. Koma utsi woyera, m'nkhungu yoyera, mphepo ya chiperoni ikuwomba pansi pa galimoto, ungauone bwanji? Ndinawalitsa tochi paliponse, osaona kanthu. Ndinasungunula sopo m'botolo n'kuwaza pa khosi la thanki, pa makilampu, polumikizira ponse pamene dzanja linafika, kuti mwina ndione thovu. Palibe. Mphuno yanga yotchukayo inali itazizidwa, ikungotuluka mamina. Kamvula kanayamba kuwaza, wina anatseka mawindo ndi zitseko za galimoto kuti mipando isanyowe. Ndinabwereza ntchito yonse kuyambira poyamba. A Makwinja anatopa pa pampu, koma sanasiye.

Dzuwa lisanaoneke n'komwe, nthawi ya nkhomaliro inakwana. Mayi Matewere anaimirira n'kukonza chitenje.

"Ine katundu akundidikira ku Limbe. Timadzi tanu ta m'paipito sindikutimva. Mwina ndi chitini chanucho chikudontha. Ndinati bowo ndilione ndi maso. A Makwinja, makiyi."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero a Chikopa.

"Ndadekha miyezi, bambo."

A Makwinja anaika pampu pansi. Anapukuta manja pa buluku, kutulutsa makiyi m'thumba, n'kupereka ndi manja awiri, atawerama pang'ono. Ine ndinali m'dzenje, mutu wokha uli kunja, manyazi ndi mkwiyo zitandigwira. Ndinkadziwa kuti bowo lilipo, madzi sanama, koma munthu ankachotsedwa ntchito ine ndikuyang'ana. Bambo wa msinkhu umenewo, mbiri ya kuba ili pamutu, akamulemba ndani?

"Ndingotengako Baibulo langa ndi ambulera," anatero a Makwinja.

Anatsegula chitseko cha kumbuyo. Mayo ine! Utsi unatuluka m'galimotomo ngati m'khitchini yophikira nkhuni zaziwisi, ndipo fungo la mafuta a makanda linandipeza ndili m'dzenje momwemo. Nthawi yonseyi ine ndinkasaka pansi, utsi ukudzazana m'kati mwa galimoto yotseka!

Sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji m'dzenjemo. Ndinangozindikira ndagwada pakhomo la galimoto, ndikukoka mpando wa kumbuyo, ndikukuwa kuti, "Popani! Wina apope!" A Chikopa anatola pampu okha. Pansi pa mpando pali kachitseko kachitsulo kofikira pamwamba pa thanki, pamene pamalowera pampu ya mafuta. Ndinamasula tizomangira take mofulumira, kamodzi kanagwera pansi, sindinakasake n'komwe. Nditachotsa kachitsekoko, utsi unali tolotolo kuchokera m'mphepete mwa chivundikiro cha pampu.

"Mayi, bwerani! Bwerani muone mbava yanu!"

Anabwera, kuwerama, kuyang'ana. Kuzungulira chivundikirocho panali zoyera zouma, zong'ambikang'ambika. Ndinakanda ndi chikhadabo n'kununkhiza. Sopo wochapira, wamtanda. Titamasula chivundikiro tinapeza mphira yozungulira imene imatseka pakati pa pampu ndi thanki itaphwatalala, mbali ina itadukiratu.

Nkhani yonse inatuluka pomwepo. Miyezi ingapo m'mbuyomo pampu inafa ndi petulo wakuda wa m'zigubu, ndipo mphwawo wa mayiwo anabweretsa makaniko wa pansi pa mtengo kudzaisintha kunyumba. Makanikoyo anabwezeretsa mphira yakale, ataona kuti siikugwira anamata sopo, monga amachitira anthu thanki ikabooka panjira. Petulo sasungunula sopo, n'zoona, koma madzi a mvula ndi otsukira galimoto amasungunula. Bowolo linali pamwamba penipeni pa thanki. Mafuta akakhala theka, palibe chodontha, n'chifukwa chake amakaniko awiri aja anapeza pouma. Koma akadzaza mpaka pakhosi, n'kuyamba kukwera zitunda za ku Chilomoni, petulo ankasefukira pamwamba pa thanki, kutsikira mumsewu, wotsala n'kuuma ndi mphepo. Fungo lake linkalowa pansi pa mpando, mpando womwewo umene a Makwinja ankagonapo podikira pamzere.

Ndinavina, osanama. Ndinavina ndi ovolosi yamatope pakati pa galaja, sipanala m'manja, owotcherera zitsulo akuimba m'manja, wa chiwaya akumenya supuni pa chiwaya chake. A Chikopa anangoti, "Manja aja tawaona," ndipo mawu amenewo anandikoma kuposa nyimbo.

Mayi Matewere okha sanaseke. Anakhala pa benchi, makiyi ali m'manja, nthawi yonse imene tinkaika mphira yatsopano ndi kabokosi kena ka makala. Titamanga zonse ndinayesanso ndi utsi. Madzi anakwera, n'kuima, osasunthanso. Pamenepo mayiwo anaimirira, kupita pamene panali a Makwinja, n'kupereka makiyi ndi manja awiri, anthu onse akuona.

"A Makwinja, ndakulakwirani. Mundikhululukire."

"Zikomo, madamu," anayankha.

Ine ndinasesa pamalo, kutola mphira yakale ija n'kuiponya mu mgolo wa zinyalala. Ndikusamba m'manja ndinamva munthu waima kumbuyo kwanga.

"Mwana wanga, kamphira koduka kaja kali kuti?"

"Ndataya, bambo. Kalibenso ntchito."

"Chonde, kandipezere." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Madamu aona ndi maso awo. Koma mayi a kunyumba sanaone. Mbiri inawapeza ku mpingo. Ndiye akuti, ngati mukupopa petulo, ndalama zake pakhomo pano sitikuziona, ndiye kuti alipo wina amene akuzidya. Anasamukira kuchipinda kwa ana."

Ndinayamba kuseka, chifukwa mmene anainenera inali yoseketsa. Nditayang'ana nkhope yawo kuseka kunathera pakamwa. Maso awo anali atadzaza misozi, bambo wamkulu, mkulu wa mpingo. Ndinapinda mkono wa ovolosi n'kupisa mu mgolomo mpaka paphewa, m'mafyuluta akale ndi nsanza za oyilo, mpaka ndinakapeza. Ndinakapukuta, koma iwo anati sopoyo ndisamuchotse. Anakakulunga mu mpango wawo n'kukaika m'thumba la malaya, kumanga batani.

Sitinadziwe kuti mayi Matewere anali pafupi, akumva zonse. A Makwinja atawatsegulira chitseko n'kufunsa ngati alunjike ku Limbe, mayiwo anapukusa mutu.

"Katundu adikire. Tidzere ku Zingwangwa. Mphirayo siyankhula, a Makwinja. Amene ndinayankhula ndine, ndipo ndikayankhulanso ndekha."

Lero ndili ndi pogwirira ntchito panga, ndi makina a utsi ogula kusitolo. Koma kuyambira tsiku limenelo sinditaya kanthu kalikonse kamene ndachotsa pa galimoto ya munthu, kaya ndi kamphira, kaya ndi kapaipi kong'aluka. Ndimakapereka m'manja mwa amene wabwera ndi galimotoyo, chifukwa sindidziwa kuti kunyumba kwake akumudikira ndi mlandu wanji.